Kamba amene anadya maluwa a pakhonde ku Greendale

Lipoti ili ndi la anzanga amene timadyera maluwa muno mu Harare, kaya muli ndi kanazale m'mbali mwa msewu, kaya ndinu a m'gadeni olandira pamwezi, kaya ngati ine amene ndimayenda nyumba ndi nyumba kusintha dothi m'mapoti, kudulira ndi kuthana ndi tizilombo. Ine si dokotala wa ziweto ayi, mbali ya mankhwala anagwira ndi a vet ndipo ndingofotokoza zomwe ndinaona ndili pomwepo, koma mbali ya zomera inali yanga ndipo mpamene nkhani yonse inagona. Mayina sinditchula, banjalo linavomera kuti ndilembe bola asadziwike.

Mwini kamba ndi agogo aamuna a zaka za m'ma 70, obadwira konkuno koma bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ija anthu akwathu ankakhamukira ku Southern Rhodesia kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Chichewa chawo ndi chija chakale chokoma, adzukulu okha ndi amene amawaitana sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Kambayo anamutola ali kamwana kokwana m'chikhato pa famu ina cha ku Marondera, ndiye wakhala naye zaka zoposa 20. Ndi uja wa chigoba chokwera cha mawangamawanga achikasu ndi akuda, leopard tortoise, m'mabuku Stigmochelys pardalis, wamkazi, wolemera moti kumunyamula ndi manja awiri. Mtundu umenewu ndi wodya msipu, gwirani pamenepa chifukwa tibwererapo. Moyo wake ndi udzu, tizitsamba tapansi ndi zomera zamadzimadzi, akapeza fupa louma amalikukuta kufuna kashiamu. Ndi wosiyana ndi kamba wamng'ono uja wa chigoba chotseka kumbuyo, Speke's hingeback, amene amadya ndi nkhono, bongololo ndi bowa zomwe. Anthu amawasakaniza n'kumawadyetsa chimodzimodzi.

Zaka zonsezo ankakhala ku Waterfalls pa yadi yaikulu ya kapinga, ndipo kunena zoona panalibe amene ankamupatsa chakudya. Ankadzidyera yekha kapinga, chisoso, masamba a mabulosi akagwa, maluwa a hibiscus a kumpanda, basi. Sanadwalepo. Agogo aakazi atamwalira ana anagwirizana kuti madala asamakhale okha, nyumba ija anaikamo alendi, iwo n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Greendale mu ka cluster house kaja ka masiku ano, panja ponse peving'i, kachigawo ka udzu wapulasitiki, mpanda wa simenti wa durawall kuzungulira, kenako khonde lotsekedwa ndi magalasi lodzaza maluwa a m'mapoti chifukwa mayiwo maluwa amawakonda zedi. Anasamuka mu Meyi. Kamba anabwera naye, ndipo poti kunali kutayamba kuzizira anamulowetsa pakhonde paja kuti asafe ndi chisanu. Chakudya ankamupatsa letesi, tomato, nthawi zina nthochi, tsiku lina aiwala.

Ine anandiitana chakumapeto kwa Juni, koma osati za kamba. Mayiwo anatumiza zithunzi pa WhatsApp kuti achimwene kuli chinthu chikundithera maluwa kuno, kaya makoswe kaya nkhono, mubwere ndi timibulu tabuluu tija mudzawaze. Apa mpamene nkhani ikanathera pa imfa, chifukwa timibulu ta nkhono tambiri timakhala ndi metaldehyde, poizoni amene amapha ndi galu yemwe, nanji kamba woyenda mphuno ili pansi n'kumatola chilichonse chamtundu wowala. Ine lamulo langa ndi limodzi, sindiwaza kanthu ndisanaone bala la tsamba ndi maso angawa.

Nditafika ndinagwada pa matailosi kuyang'ana. Nkhono ikadya imasiya mabowo pakati pa tsamba ndi kanjira konyezimira pansi, khoswe amasiya tizidutswa ndi timanyi takuda m'makona. Apa zonsezo panalibe. Masamba anali odulidwa kuyambira m'mphepete, mabala ake akuthwa a makona, ena ong'ambika mosonyeza kuti chinthu chinaluma n'kukoka, ndipo zodyedwa zonse zinali kumunsi kwa bondo langa, chakumtunda masamba ali bwinobwino osakhudzidwa. Poti imodzi yapulasitiki inali itakankhidwa dothi litatayika. Ndinafunsa, mayi pali chiweto pano? Akuti ayi, galu tilibe, mphaka tilibe. Ndinafunsanso, mwina kalulu, mbira, kankhuku ka mwana? Mpamene kamtsikana kawo ka ku pulayimale kanati koma kamba wa sekuru ali mu katoni kuseri kwa sofa, wangogona sabata yonse. Anzanga, anthu kamba samamuwerengera pa ziweto, mukafunsa za ziweto aganiza galu. Muzimutchula dzina, kamba alipo?

Banja lonse linali litagwirizana kuti ndi chisanu chabe, amatero chaka chilichonse. Pang'ono ankanena zoona. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, kamba amafooka, amadya pang'ono. Koma leopard sagona tulo ta nyengo yonse monga amachitira akamba ena a ku Ulaya, masana dzuwa likatentha amatuluka kukaothera n'kubudulako kaudzu. Uyu sanali kutuluka. Nditamutulutsa mu katoni ndinaona dovu lokhuthala lili lende kukamwa, tithovu m'mbali mwa mlomo, pakhosi potupa, ndipo ankangokhalira kupukuta kumaso ndi miyendo yakutsogolo. Atayasamula mkamwa munali psuu, lilime lotupa. Maso atalowa m'kati. Pa nyuzipepala ya mu katoni panalibe ndowe olo pang'ono.

Poti yokankhidwa ija inali ya dieffenbachia, uja wa masamba akulu a mawanga oyera amene amagulidwa kwambiri m'maofesi, ndipo tsinde lina linali litalumidwa mpaka kuduka. Pothos amene ankalendewera kufika pansi anali atatsala zingwe zokhazokha, peace lily nayenso masamba akumunsi atapita. Zitatu zonsezi ndi banja limodzi, pamodzi ndi philodendron, delicious monster, arum lily, syngonium ndi elephant ear. M'kati mwa masamba ndi tsinde muli timasingano tosaoneka ndi maso ta calcium oxalate, nyama ikatafuna timatuluka n'kubaya lilime ndi kukhosi. Amene munadyapo koko wosapsa bwino mukudziwa kuyabwa kwake kwa kukhosi, ndi zomwezo koma dieffenbachia ndi woposa, ndipo n'chifukwa chake azungu amamutcha dumb cane, munthu akatafuna lilime limatupa mpaka kulephera kuyankhula. Kawirikawiri mtundu umenewu supha pompopompo, chimene chimapha ndi chotsatira chake: kutupa kotseka mpweya, kapena kamba kusiya kudya ndi kumwa kwa nthawi yaitali mpaka impso kuvutika.

Nditangotchula mawu oti poizoni aliyense anabwera ndi nzeru yake. Mayi akuti timumwetse mkaka, wantchito akuti mafuta ophikira, wina madzi a mchere kuti asanze, ndiye neba amene anabwera kudzaona akuti iyayi izi ndi njoka za m'mimba, ali ndi botolo la ivermectin lomwe amabaya mbuzi zake kumudzi, amubaye kadontho chabe. Zonse ndinakana ndipo ndikupempha nanunso muzikana. Kamba sagaya mkaka. Kumuthira zamadzimadzi mokakamiza kukhosi kotupa ndi kumutsamwitsa, zimalowa kumapapo. Kusanzitsa ayi. Koma ivermectin yekhayo mulembe penapake, kwa kamba ndi chiphe chodziwika bwino kwa madokotala a ziweto, amafoola ziwalo zonse kamba n'kufa, olo mlingo wake utakhala woti kwa mbuzi ndi wabwinobwino. Chimene ndinachita ndi kupukuta dovu ndi kansalu konyowa, kuchotsa tizidutswa ta tsamba tomwe tinamatirira pamlomo, ndi kumuika pa thaulo pamalo ofunda mutu uli chotsikirako.

Agogo nthawi yonseyi anali phee pampando, kenako anati, mwana wanga, kamba ndi wa m'tchire, chakupha amachidziwa yekha, zaka zonsezi bwanji sanadye choipa? Funso limeneli ndi labwino ndipo mudzakumana nalo. Ndinawayankha kuti agogo, ku Waterfalls anali ndi chosankha, udzu unali ponseponse ndiye chowawa ankachilambalala. Kuno mwamutsekera pa matailosi, chobiriwira chili m'mapoti mokha, njala ikamupweteka adya chomwe wafikira. Komanso zomerazi si zakuno, dieffenbachia ndi peace lily kwawo ndi ku America kotentha, delicious monster ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, pothos ku zilumba za Pacific, makolo a kamba ameneyu sanakumanepo nazo kuti azidziwe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye tamupha ndi njala ife. Ndinawauza kuti sanafe, tiyeni tithamange.

Tisananyamuke ndinachita chinthu chomwe ndikuona kuti ndiye ntchito yeniyeni ya ife a maluwa pa nkhani ngati iyi. Ndinayenda khonde lonse ndi yadi yonse poti ndi poti, kujambula chilichonse, kulemba dzina, ndi kuona ngati chalumidwa. Chifukwa chake n'chakuti dokotala amadziwa nyama koma si onse amene angakuuzeni kuti tsamba lotafunidwa ili ndi la chiyani, pamene chithandizo chimadalira pomwepo. Zoyabwa mkamwa ndi nkhani ina, zogwira mtima ndi nkhani inanso. Ndipo zogwira mtima zinalipo. Pa sitepe yapansi panali kalanchoe, pafupi pake Sabi star wokongola mu poti yadothi. Kalanchoe ali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima, m'bale wake mother of millions amapha ng'ombe, ndipo pig's ear, Cotyledon orbiculata, amadwalitsa nkhosa ndi mbuzi ku South Africa nthenda yomwe alimi akumeneko amati krimpsiekte. Sabi star, Adenium multiflorum wa ku lowveld, kuzigwa zotentha za kwathu kuno, utomoni wake anthu akale ankapaka ku mivi.

Sabi star anali wosakhudzidwa, nyengo imeneyo amakhala alibe ndi masamba omwe. Koma kalanchoe masamba angapo akumunsi kunalibe, mtima wanga unagunda. Nditayang'anitsitsa pomwe anachoka panali posalala, pothothoka bwinobwino pa mfundo, osati polumidwa. Ndinamufunsa mwana uja mofatsa, iwe unathyolako apa? Anayang'ana amayi ake kaye kenako anavomera, n'kukanditengera kachitini ka yogati komwe anadzalamo masambawo, akuti anaona kusukulu kuti tsamba limamera. Tinawerenga, anakwana ndi mabala a pa tsinde. Komabe kalanchoe ndinamuika mu kapepala kakekake n'kupita naye, ndipo a vet ndinawauza zonse, kuti ichi chadyedwa ndithu, ichi chinali pofikira koma sindikuona umboni.

Musangonyamuka kupita ku kiliniki iliyonse, imbani kaye mufunse ngati amaona akamba, ambiri ntchito yawo ndi agalu ndi amphaka. Tinapeza ina yomwe inavomera. Tinamunyamula mu katoni yoyalamo thaulo, botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pambali, chigoba chili m'mwamba osamugadabuza.

Adokotala anamuyeza pa sikelo, anatsegula mkamwa n'kupeza zilonda pa lilime ndi m'mbali, koma njira ya mpweya inali yotseguka. Anati madzi m'thupi achepa kwambiri. Anatsuka mkamwa, anamupatsa madzi kudzera mu jakisoni ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Kenako anapempha eksire, poti ndi wamkazi ankafuna kuona ngati ali ndi mazira, kamba wamkazi amatha kukhala ndi mazira olo popanda wamwamuna ndipo akasowa dothi lokumba amangowasunga m'mimba mpaka kudwala. Mazira munalibe. Koma munali china chomwe palibe ankachiyembekezera, timadontho toyera mbee tambirimbiri tandandalika m'matumbo. Adokotala anandiyang'ana n'kufunsa, m'mapoti mwanumo muli miyala? Inde, mayi aja anali atawaza timiyala toyera tokongoletsa pamwamba pa dothi m'mapoti onse. Kamba wosowa kashiamu amatola chilichonse choyera poganiza kuti ndi fupa kapena chigoba cha nkhono, ndipo wa letesi ndi tomato yekhayekha kashiamu akanamupeza kuti. Timibulu toyera ta perlite ta mu dothi logula natonso amatola chimodzimodzi.

Apa panafunika kusankha. Opaleshoni ya kamba si yamasewera, nthawi zambiri amacheka chigoba chapansi n'kuchimatanso, kuchira kwake ndi miyezi, ndalama zakenso ndi zambiri. Adokotala anati miyalayo ndi ing'onoing'ono, yamwazikana, sinaunjikane malo amodzi ndipo matumbo sanafufume ndi mpweya, ndiye tiyese kaye njira yofatsa: madzi, kufunda, kenako chakudya cha ulusi wambiri kuti chikankhe. Akapanda kuchita chimbudzi kapena akayamba kufooka miyendo yakumbuyo tibwerere msanga. Anachenjezanso kuti chakudya m'mimba mwa kamba chimayenda pang'onopang'ono, sabata kapena kuposa, ndiye tisataye mtima pa masiku awiri.

Madzulo omwewo mwana wamwamuna wa agogo anaimba foni akuti bwanji tingokamuponya ku Mukuvisi Woodlands, nkhalango yosungiramo nyama muno mu Harare, akadzionere yekha. Tinakana tonse. Kamba wodwala, woti wakhala pakhomo zaka 20, kumutaya m'tchire nyengo yozizira ndi kumupha, komanso atha kupatsira matenda akamba a kumeneko. Ndinawakumbutsanso kuti akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo muno nyama zakutchire zili m'manja mwa ZimParks pansi pa Parks and Wildlife Act, ndiye za kumusunga kapena kumupereka kwina akafunse kumeneko, osati kuponya pa mpanda usiku.

Chisamaliro cha pakhomo chinagwera agogo ndi mdzukulu. M'mawa uliwonse dzuwa likakwera amamuika mu beseni la madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chako sichikumva kutentha, ofika pachibwano basi, mphindi 20, munthu ali pomwepo. Masana panja pa dzuwa lenileni, chifukwa kuwala kumene kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamu sikudutsa pagalasi, ndiye khonde lija ngakhale limaoneka lowala kwa kamba linali ngati m'nyumba momwemo. Pambali kamthunzi koti athawireko. Usiku mu bokosi lathabwa loyalamo udzu wouma, lochoka pa matailosi, magetsi akathima botolo la madzi otentha lokulunga bwino. Kamba wozizidwa sagaya chakudya ndipo mankhwala sayenda bwino m'thupi, amafuna kutentha kwa madigiri cha m'ma 28 mpaka 30 masana. Vuto linali alendo, aliyense wobwera kudzazonda amafuna kumunyamula. Agogo ndi amene anathetsa, akuti akuluakulu anati kamba anyera amene wamtola, musiyeni pansi. Ndipo mwambiwo uli ndi sayansi yake, kamba akachita mantha amataya madzi amene wasunga m'chikhodzodzo, ndiye wodwala wosowa kale madzi mukamunyamulanyamula mukumuumitsa. Ndinawauzanso za kusamba m'manja ndi sopo akamugwira, akamba amanyamula majeremusi a salmonella odwalitsa anthu m'mimba.

Sabata yoyamba kutupa kunatsika, dovu linasiya, anayamba kumwa mu beseni mutu uli m'madzi nthawi yaitali. Koma kudya ayi. Sabata yachiwiri mayi anayamba kuda nkhawa, anayesa nthochi, anayesa kambamu ka nsima, ndinawaletsa, zipatso zimamutsegula m'mimba ndipo nsima, buledi ndi chakudya cha agalu si za kamba wa msipu. Ndinatchula hibiscus poti ndi amene anamuzolowera. Mawa lake anatumiza chithunzi, agula kale ka hibiscus kokongola mu poti, masamba onyezimira opanda kachilema olo kamodzi, akuti achimwene ndimuthyolere? Ndinawaimbira nthawi yomweyo kuti musathyole.

Pano ndikuyankhula ndi ife a nazale. Timadziwa tokha chifukwa chake mbewu zathu zimakhala zopanda nsabwe. Mankhwala ngati imidacloprid timathira ku mizu, amakwera ndi madzi kulowa mu tsamba lililonse ndi duwa lomwe, ndipo amakhalamo nthawi yaitali. Kutsuka sikuchotsa chifukwa sali pamwamba, ali m'kati. Ndiye chomera chingakhale pa mndandanda wa zabwino kwa kamba koma chochokera ku nazale dzulo si chakudya. Ine ndimati chichotsedwe mu dothi lake, mizu itsukidwe, chidzalidwe mu dothi lopanda timibulu ta feteleza, chikhale miyezi yosachepera 3, kenako muzithyola zophukira zatsopano zokha. Kasitomala akakufunsani ngati munathira mankhwala muuzeni zoona, sakufuna kukugwirani mlandu, akufuna kudziwa ngati angadyetse.

Hibiscus woti adye tinakamutenga ku Highfield kwa mayi ena a ku mpingo kwawo, mpanda wakalekale woti sunaonepo mpope wa mankhwala, masamba ake obowokabowoka ndi tizilombo, umenewo ndiye umboni wabwino. Agogo anaika duwa lofiira patsogolo pake atangotuluka mu beseni. Analiyang'ana nthawi yaitali, anatambasula khosi, ananunkhiza, n'kuluma kansonga. Anadya theka lokha tsiku limenelo. Akamba amaona mitundu ndipo chofiira ndi chachikasu chimawakoka, ndiye masiku otsatira tinkadula kapinga tizidutswa n'kusakaniza ndi maluwa ofiirawo kuti udzu uzilowa nawo. Kenako spekboom, kenako madhorofiya monga amatchulira anzathu achishona, prickly pear wa masamba onenepa aminga uja, tsamba lanthete lochotsa minga yonse ndi taubweya take tomwe. Mabulosi anali atayoyola masamba, tinadikira mpaka ataphukanso. Pa mbale tinkawaza zikhokhombe za mazira zowiritsa n'kusinja, ndipo anamugulira cuttlebone uja amapatsa mbalame za m'khola, anamukukuta mpaka kutha.

Chimbudzi choyamba chinabwera mu beseni, chouma cholimba, ndipo mdzukulu uja atachiphwanya ndi kamtengo anapezamo timiyala. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yake, amatsuka timiyalato n'kusunga mu kabotolo kuti akaonetse adokotala. Eksire yachiwiri inaonetsa kuti tatsala tochepa ndipo tatsikira kumunsi. Za opaleshoni zinathera pomwepo.

Chovuta chinali kukonza pakhomo, chifukwa mayi maluwa awo anagula modula ndipo ena anali a malemu amayi awo. Kuwauza kuti tayani zonse akanangonditsekera geti. Ndiye tinakambirana chimodzichimodzi. Zogwira mtima ndi chiwindi ndinaumirira kuti zichoke kumene kamba amafika, olo pa shelefu ayi, chifukwa tsamba kapena duwa limodzi likagwa pansi zatha: kalanchoe, Sabi star, ndi ka cycad komwe kanali pakona. Anapita nazo kutsogolo kwa nyumba, kuseri kwa kageti. Crown of thorns nayenso anapita, ndi m'bale wa nkhadze ameneyo, utomoni wake woyera umawotcha maso ndi mkamwa. Mayi anali ndi maganizo odzala flame lily mvula ikagwa, ndinawauza kuti duwa la dziko lino ndi lokongola inde koma lili ndi poizoni wa colchicine kuyambira mbatata yake mpaka duwa, likhale kutsogolo komweko. Dieffenbachia anamupereka ku ofesi. Pothos, peace lily ndi delicious monster anatsala koma anakwera m'mwamba pa mashelefu okhomera kukhoma, osati pa timatebulo, kamba wamkulu amakankha mwendo wa tebulo mpaka poti kugwa. Zingwe za pothos zimadulidwa zisanafike mchiuno, ndipo wantchito amatola masamba ogwa m'mawa asanachite china. Mother-in-law's tongue nayenso anakwera.

Pansi tinasiya zoti olo alume palibe vuto: spider plant, spekboom, echeveria, haworthia, Boston fern, African violet, Christmas cactus, ndi nasturtium amene ndinafesa ndekha. Ndinawauza mayi kuti izi musazikonde kwambiri chifukwa zidyedwa ndithu. Komanso izi ndi zokometsera chabe, zamadzimadzi zikachuluka amatsegula m'mimba. Timiyala toyera tonse tinatola, udzu wapulasitiki tinachotsa poti anali atayamba kuubudula m'mphepete. Chenjezo lina ndi la mayina a pamsika, munthu mmodzi akati money plant akunena pothos, wina akunena jade, wina spekboom. Spekboom timitengo take ndi tofiirira, timasamba tating'ono tobulungira, jade masamba ake ndi akulu onenepa ndipo ine sindimuika pansi. Chomera chikakukanikani musalote, pitani nacho ku National Herbarium ku Botanic Garden ku Alexandra Park akakuuzeni dzina lenileni.

Koma mankhwala enieni anali udzu. Tinazula peving'i kachigawo kakumbuyo komwe kumawomba dzuwa la m'mawa, tinathira dothi la kudimba lopanda feteleza n'kudzala kapinga. Podikira kuti agwire ndinadzala winanso m'mathireyi akuluakulu, imodzi ikudyedwa zina zikuphuka, kumasinthanitsa. Chisoso chikamera m'menemo osazula. Bonongwe ndi sipinachi mwa apo ndi apo chabe chifukwa zimamanga kashiamu, repu ndi kabichi nazonso osati tsiku ndi tsiku. Kuyambira pomwe anapeza msipu sanabwererenso ku mapoti, amadutsa pa spider plant n'kungolumako kamodzi ulendo ku kapinga.

Pofika Seputembala kutatentha anali akudya ngati kale, sikelo inakwera kudutsa pomwe inali tsiku loyamba, mkamwa mutapola, adokotala anatitulutsa. Mu Novembala mvula itayamba panatulukanso china. Ndikuyendera yadi ndinapeza maluwa achikasu ooneka ngati kabelu atagwera pa kapinga watsopano uja, kuyang'ana m'mwamba ndi yellow oleander wa neba nthambi zitadutsa durawall. Ameneyu pamodzi ndi oleander wamba ndi zoopsa kwambiri, tsamba, duwa, mbewu, zonse zimagwira mtima, ndipo duwa lake ndi la mtundu womwe kamba amathamangira. Mu Julayi mtengowo sindinauwerengere ngati vuto la pompo chifukwa nthambi zinali zisanafike, mvula ndi imene inazitambasula. Ndiye mukamayendera nyumba yokhala ndi kamba muziyang'ananso za kuseri kwa mpanda, syringa ndi lantana zomwe, ndipo muzibwereza nyengo ikasintha.

Agogo anapita okha kukayankhula ndi neba, anavomera kudula nthambi za mbali yathu koma mtengo akuti sadula. Pakadali pano taika matabwa otchinga kuti kamba asafike chigawo cha kukhomako, ndipo mdzukulu amatola zogwa asanapite kusukulu. Tikufuna kusamutsira msipu mbali ina ya nyumba komwe kulibe mtengo wa neba, koma kumeneko kuzula peving'i mpaka komiti ya pa complex ivomereze, kalata mayi analemba ndipo akudikira yankho. Mathireyi a kapinga ndawonjezera kuti asasowe chodya mpaka nthawi imeneyo.